Kuika eriyo ya wailesi ya amateur pakati pa malata ndi zitsulo za pakhomo mu Lusaka

Pakhomo pa munthu mu Lusaka, kaya ndi ku Chilenje, ku Matero kapena ku Chalala, chitsulo sichisowa. Denga ndi la malata, mazenera ali ndi zitsulo zotchinga akuba, kuseli kwa nyumba kwaima sitandi ya thanki ya madzi, pamwamba pa mpanda padutsa waya wamagetsi kapena waminga, ndipo chiyambire kuthimathima kwa magetsi kwa mu 2024 madenga ambiri asenza mapanelo a sola. Miyeso ya maeriyo imene mumaipeza pa intaneti imawerengedwa ngati waya walendewera pabwalo lopanda kanthu. Bwalo lotero kuno n'losowa.

Chitsulo chilichonse chomwe chayandikana ndi eriyo chimasanduka mbali ya eriyoyo, mufune musafune. Njira zothandiza zilipo ziwiri. Mwina chitsulocho muchilowetse pa ntchito mwadala, cholumikizidwa bwino, kapena eriyo muitalikitse pa mtunda woyezedwa. Zimene zimavutitsa anthu ndi zapakatikati, monga waya wogonekedwa mita imodzi pamwamba pa malata, kapena eriyo yomangiriridwa ndi mphira ku mwendo wa sitandi.

Musanatumize mawu pa mphepo, khalani ndi laisensi ya amateur, ya anthu olankhulana pa wailesi mongokonda osati mwamalonda, yochokera ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mauthenga. Ma callsign a kuno, mayina odziwikira masiteshoni pa mphepo, amayamba ndi 9J. Dziwaninso kuti Zambia ili mu Region 1 ya ITU, bungwe la dziko lonse logawa mafunde a wailesi, kotero bandi ya mamita 2, gawo la mafunde lotchedwa ndi utali wa funde lake, imayambira pa 144 kulekezera pa 146 MHz. Miyeso yambiri ya ku America imadulidwira pa 146 MHz, pamene pakati pa bandi yathu ndi pa 145. Mukaitsatira osaganiza, eriyo ifupikirako pang'ono.

Zimene chitsulo chimachita

Mafunde akafika pa chitsulo amayambitsa magetsi m'chitsulomo, ndipo nacho chimayamba kuulutsa. Denga kapena khoma la malata lionedwe ngati kalilole: kuseli kwake kumakhala ngati kuli eriyo yachiwiri yofanana ndi yanu, pa mtunda womwewo. Nkhani yagona poti yachiwiriyo ikuthandiza kapena ikutsutsa.

Waya akagona motsata chitsulo, monga dipole (waya wa mbali ziwiri zofanana, chingwe cha wailesi n'kulumikizidwa pakati) yopingasa pamwamba pa denga, kapena eriyo yoimirira m'mbali mwa khoma la malata, magetsi a mu eriyo yachiwiri ija amayenda mobwerera. Ziwirizo zikayandikana kwambiri zimafafanizana, mphamvu n'kuthera m'kutenthetsa waya ndi malata. Koma waya akaima chilili kuchokera pa chitsulo, pa ngodya ya madigiri 90, magetsi a ziwirizo amalowera kumodzi, ndipo chitsulo chimakhala theka lina la eriyo. N'chifukwa chake kaeriyo ka pamwamba pa galimoto kamagwira ntchito bwino ngakhale kakhudzana ndi chitsulo. Kagonedwe ka waya kamaposa mtunda pa kufunika kwake.

Mtunda nawo sitiyeza ndi maso koma ndi utali wa funde. Gawani 300 ndi frequency yanu mu MHz. Pa 145 MHz funde ndi mamita 2.07, kota yake masentimita 52. Pa 14.2 MHz funde ndi mamita 21, kota yake mamita 5.3. Pa 7.1 MHz funde ndi mamita 42. Choncho mita imodzi ndi patali ndithu kwa eriyo ya bandi ya mamita 2, koma kwa dipole ya bandi ya mamita 40 mita imodzi ndi chimodzimodzi kuigoneka pa malata penipeni.

Choyamba, zungulirani pulotu ndi tepi

Jambulani pulotu yanu pa pepala, muyeze chitsulo chilichonse chopitirira mita imodzi: denga, magata a madzi a mvula, sitandi ya thanki, geti, shedi ya galimoto, waya woyanikapo zovala. Musaiwale zobisika. Matailosi ena a padenga, monga a Harvey, ndi chitsulo chokutidwa ndi timiyala. Pansi pa matailosi a simenti nthawi zambiri pamakhala pepala lonyezimira la aluminiyamu lotchinga kutentha, ndipo kwa mafunde limenelo ndi denga la malata basi. Mu slab ndi mu ring beam muli zitsulo.

Chongani zitsulo zimene utali wake wayandikira theka la funde, kapena kota ya funde ngati zazikika pansi. Gata la mamita 10 limayankha pa bandi ya mamita 20 ngati dipole yeniyeni. Sitandi ya thanki ya mamita 5 kapena 6 ili pafupi ndi kota ya funde pa bandi yomweyo. Zitsulo zoterezi zimakoka mphamvu yochuluka kuposa zinzake ngakhale zitatalikirako.

Kenaka yang'anani kumwamba. Mawaya a ZESCO, kuphatikizapo chingwe chochokera pa pholo kulowa m'nyumba mwanu, atalikirane ndi mlongoti kawiri kutalika kwa mlongotiwo pamodzi ndi eriyo yake. Mlongoti wa mamita 6 wokhala ndi eriyo yotalika mamita 2 ufuna mamita 16. Ngati pulotu sikulola, fupikitsani mlongoti. Apa palibe zonyengerera. Waya wa eriyo asadutse pamwamba kapena pansi pa mawaya a magetsi.

Pomaliza pa gawo limeneli, yezani phokoso. Ikani wailesi pa batire, muone S-meter, kamita ka pa wailesi kosonyeza mphamvu ya zomwe ikulandira, kenaka zimitsani breaker yaikulu pamodzi ndi inverter. Phokoso likatsika kwambiri, gwero lili m'nyumba mwanu momwemo, ndipo kawirikawiri ndi inverter, charge controller ya sola, mababu a LED kapena machaja otchipa. Yatsani chimodzichimodzi mpaka mutachipeza. Eriyo ikakhale mbali ya pulotu yotalikirana nacho. Nthawi imene magetsi azima dera lonse ndi yabwino kumvetsera, chifukwa phokoso lotsala ndi la ma inverter a anansi.

Mabandi a mamita 2 ndi masentimita 70: apa malata ndi bwenzi

Njira yachangu ndi eriyo ya maginito yoikidwa pa denga pafupi ndi msonga. Pafunika malata okwana masentimita 50 mbali zonse. Maginito sakhudza chitsulo chenicheni chifukwa cha penti, koma pa VHF, gulu lomwe muli bandi ya mamita 2, mafunde amadutsa pentiyo popanda vuto. Kuipa kwake n'kwakuti chingwe chake n'chopyapyala, dzuwa la mu Okutobala limachiumitsa, ndipo pansi pa maginito pamasonkhana madzi n'kuyamba dzimbiri. Ndi ya masabata ochepa, si yokhazikika.

Yokhazikika mutha kupanga nokha. Mufunika SO-239, soketi yolumikizira chingwe cha eriyo, ya mabowo anayi, waya wamkuwa wa mamilimita 2 kapena ndodo za brazing zimene owotcherera zitsulo amagwiritsa ntchito, timabawuti tinayi ta stainless, ndi kachidutswa ka paipi ya PVC ya mamilimita 25. Dulani ndodo yoimirira ya masentimita 50, muilumikize ndi solder pa pini yapakati. Potchuna itsikira cha pa 49. Dulani ndodo zinayi za masentimita 52, mumange imodzi pa bowo lililonse, muzipindire pansi madigiri 45. Kupindako si kokongoletsa. Ndodozo zikakhala zopingasa, impedance, kukana kumene magetsi a wailesi amakumana nako mu eriyo, imakhala cha pa ma ohm 36. Zikawerama imakwera kufika pafupi ndi 50, yomwe wailesi ikufuna. Chingwe chilowe m'paipi, SO-239 ikhale pakamwa pake.

Popeza eriyo imeneyi ili ndi ma radial akeake, ndodo zinayi zija, denga silikufunikanso, choncho ikwezeni mita imodzi kapena kuposerapo pamwamba pa msonga wa denga. Pa VHF kutalika kumapindula kuposa ma watt. Mtunda umene mafunde amafika asanatsekedwe ndi kupindika kwa dziko ndi pafupifupi makilomita 4.1 kuchulukitsa ndi square root ya kutalika mu mamita. Eriyo ya pa mamita 9 imafika makilomita 12, ndipo mnzanu akakhala nayo yotero mukumana pa makilomita pafupifupi 25. Lusaka ndi wosalala mokwanira kuti zimenezi zitheke.

J-pole ndi Slim Jim, maeriyo oimirira opanda ma radial, n'zosachedwa kukhumudwa ndi chitsulo. Mbali yake yam'munsi, yomwe imagwirizanitsa impedance, isayandikire chitsulo. Paipi yachitsulo ilekezere pansi pa eriyo, mita yomaliza ikhale ya PVC yokhuthala, fibreglass kapena thabwa lopakidwa vanishi. Yagi, eriyo ya ndodo zingapo zondandalika yolunjika mbali imodzi, ikakhala yoimiritsa ndodo zake isapyozedwe ndi mlongoti wachitsulo pakati. Imangeni kumbuyo kwa reflector, ndodo yake yakumbuyo, kapena pa paipi yosakhala yachitsulo. Yagi yopingasa ilibe vuto limeneli.

Tsono ngati simungakwere padenga, ndipo eriyo iyenera kukhala m'mbali mwa khoma la malata, la kontena kapena la shedi, mtunda ndiwo umalamula. Pansi pa masentimita 20 musayese. Pa masentimita 52 funde lobwerera kuchokera ku khoma limafika logwirizana ndi lopita, ndipo siginolo imakula ndi ma dB 3 mpaka 5 (mphamvu kuwirikiza kawiri kapena katatu) mbali yoyang'ana kunja, kumbuyo n'kufa. Pa mita imodzi, yomwe ndi theka la funde, zimatembenuka: kutsogolo kwenikweni kumakhala chete, mphamvu n'kupatukira m'mbali. Ambiri amaganiza kuti kutalikitsako pang'ono ndiye kukonza, n'kudabwa kuti siteshoni imene amaimva pa theka la mita yasowa pa mita yathunthu. Sankhani khoma loyang'ana kumene kuli anzanu kapena repeater, siteshoni yolandira mawu n'kuwaulutsanso, muike pa masentimita 45 mpaka 55. Pa 433 MHz, bandi ya masentimita 70, mtunda womwewo ndi masentimita 17.

Sitandi ya thanki ndi mlongoti waulere, ndipo tikuilimbikitsa, bola eriyo ikhale pamwamba pa chitsulo chonse. Owotcherera a ku Kalingalinga kapena a kwanuko akupangireni bulaketi yogwira paipi ndi ma U-bolt awiri otalikirana masentimita 40. Musalole kuti paipi iwotchereredwe ku sitandi, chifukwa mudzafuna kuitsitsa. Onaninso miyendo ya sitandi kumene yalowa mu konkire. Thanki ya malita 5,000 ndi matani 5, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ikamakankha mlongoti miyendo yodyedwa ndi dzimbiri siichedwa kugonja.

Dipole ya HF (mabandi ngati a mamita 40 ndi 20): apa malata ndi mdani

Utali wonse wa dipole mu mamita ndi 143 kugawa ndi frequency: mamita 10.1 pa 14.2 MHz, mamita 20.1 pa 7.1 MHz. Dulani motalikirako ndi masentimita 30 mbali iliyonse, nsonga muzipinde n'kuzikulunga pa waya yemweyo, kuti potchuna mukhale ndi pobwerera.

Pamwamba pa chitsulo chachikulu, impedance ya dipole imatsika kwambiri. Pa gawo limodzi mwa magawo 10 a funde, omwe ndi mamita 2 pa bandi ya mamita 20, imakhala cha m'ma ohm 20, ndipo SWR, muyeso wa kugwirizana kwa eriyo ndi wailesi womwe uyenera kukhala pafupi ndi 1, imapitirira 2. Cha pa mamita 3.5 imafika pafupi ndi 50. Pa bandi ya mamita 40, mamita 2 amenewo amaigwetsera pansi pa ma ohm 10 denga likakhala lalikulu. Tuner, kachipangizo kogwirizanitsa wailesi ndi eriyo, itha kubisa zimenezi kwa wailesi, koma siibweza mphamvu yotayika. Komanso dipole yotsika imaponya mafunde m'mwamba molunjika. Pa bandi ya mamita 40 masana zimenezi n'zabwino polankhula ndi Ndola, Chipata, Harare kapena Lilongwe. Pofuna Europe kapena Japan pa bandi ya mamita 20, pafunika kutalika kwa theka la funde, mamita 10, kumene mafunde amachoka pa ngodya ya madigiri 30.

Mphamvu yambiri ya dipole imachokera pakati pake, pomwe magetsi ali ochuluka. Pakatipo ndiye muyenera kupachotsa pamwamba pa denga. Mapaipi amagulitsidwa a mamita 6. Mangani imodzi pa khoma la kumapeto kwa nyumba ndi mabulaketi awiri, muyambire pamwamba kuti nsonga ifike mamita 8 kapena 9, muike kampukutu kokokera chingwe, dipole ikhale ya inverted V, yooneka ngati V wozondoka. Miyendo iwiri ipite kubwalo, osati pamwamba pa malata, ndipo ngodya ya pakati pake isachepere madigiri 90. Pakati pa dipole patalikirane ndi paipi masentimita 30 mpaka 50 pogwiritsa ntchito kamkono ka PVC. Ngati waya akakamizika kudutsa gata kapena denga la shedi, adutse chopingasa, osati motsata.

Nsonga za dipole zili ndi voteji yaikulu, yokwana kutentha chala ngakhale pa ma watt 100. Zikhale mamita 3 kuchokera pansi, pomwe mwana sangafikire, ndiponso mamita 2 kuchokera ku chitsulo chilichonse. Kuchokera pa insulator, kachinthu kosadutsa magetsi ka kunsonga kwa waya, kukafika pomangirira gwiritsani chingwe cha polyester. Chingwe cha buluu cha pamsika chija dzuwa limachifumbutsa chaka chisanathe. Zingwe zolimbitsa mlongoti nazo zisakhale za waya. Mukakakamizika, ziduleniduleni ndi ma insulator pa mamita 2 alionse.

Kusandutsa denga kukhala theka la eriyo

Pa pulotu yopanikizika, eriyo yoimirira pa denga la malata imaposa dipole yotsika polankhula kutali. Pa 14.2 MHz mufunika ndodo ya mamita 5, ya aluminiyamu kapena waya womangiriridwa ku ndodo yowedzera nsomba ya fibreglass. Ya carbon siyenera, chifukwa imadutsa magetsi. Denga la mamita 8 ndi 12 ndi lokwanira pa mabandi a mamita 20, 15 ndi 10. Pa mamita 40 lachepa, ndipo muyenera kuwonjezera ma radial awiri kapena anayi a mamita 10.

Ikani tsinde pa msonga, pafupi ndi pakati pa denga. Pini yapakati ya coax, chingwe chochokera ku wailesi, ipite ku ndodo, ukonde wakunja upite ku malata kudzera pa kalamba kamkuwa kosapitirira masentimita 15.

Ntchito yeniyeni ili pa malatawo. Kwa maso denga ndi chinthu chimodzi, koma kwa magetsi ndi zidutswa zambiri zongosanjikizana. Lata la IBR limaphimba mamilimita 686 okha m'lifupi, ndipo ngati ndi lopentedwa kufakitale, pokumana pake pali penti pa penti. Misomali ili ndi mawashala a mphira, ndipo mitengo ya pansi pake nthawi zambiri ndi matabwa. Masana malata amafutukuka, usiku amabwerera, mphepo imawagwedeza. Apa akhudzana, apa alekana, SWR n'kumavina. Tengani multimeter, palani kadontho pa malata awiri oyandikana, muyeze. Zikapitirira ohm imodzi, pafunika kulumikiza.

Lumikizani malata onse omwe ali mkati mwa mamita 5 kuchokera pa tsinde, malo awiri pa mkumano uliwonse, ndipo musaiwale mbali ziwiri za msonga. Pamalo alionse palani penti malo okwana ndalama yachitsulo, koma musapale mpaka kuchotsa zinki. Bowolani pamwamba pa nthiti ya lata, osati m'ngalande moyenda madzi. Mangani ndi sikuluu ya stainless ndi washala wa mano, kuti igwire malata onse awiri pamodzi. Pamene mukulumikiza waya, gwiritsani lug, kachitsulo ka bowo ka kunsonga kwa waya, yokutidwa ndi tini. Mkuwa wosakutidwa ukagona pa lata la zinki, mvula ikagwa zinkiyo imadyeka, ndipo pakapita nyengo zingapo pamabooka. Matani ndi silicone ya neutral cure. Ija yonunkha ngati viniga imatulutsa asidi wodya zinki.

Denga lopendekeka limachita zomwe ma radial owerama amachita, kotero yembekezerani SWR ya pakati pa 1.2 ndi 1.5. Ngati nyumba ndi ya lendi ndipo eni ake sakufuna mabowo, gonekani ma radial anayi a waya wokutidwa, a mamita 5, pamwamba pa malata. Mudzawadula potchuna chifukwa malata amawasintha.

Poyenda padenga pondani pa mzere wa misomali, pomwe pali mtengo pansi, mutavala nsapato za mphira, ndipo chitani m'mawa mame atauma koma malata asanatenthe. Nyumba zakale za ku Kabwata, Libala ndi Chilenje zina zidakali ndi madenga a asibesitosi. Amenewo mafunde amadutsa, koma musawaponde ndipo musawabowole: amasweka mosachenjeza, fumbi lake limawononga mapapo.

Mpanda wamagetsi

Energiser, bokosi lopatsa mpanda magetsi, imatumiza ma volt masauzande angapo pafupifupi kamodzi pa sekondi. Mu wailesi mumamva "tha, tha, tha" mosaphonya. Mpanda wosamalidwa suchita phokoso lalikulu. Lalikulu limachokera pomwe pakuthetheka, monga pa bobini yosweka, pa mfundo ya dzimbiri kapena pa nthambi ya bougainvillea yogona pa waya. Yendani usiku m'mbali mwa mpanda, muona kuthwanima kapena mumva kulira kwake. Waya wa eriyo asatsate mpanda pa mtunda wochepera mamita 3, ndipo asamangiriridwe ku mabulaketi ake. Waya ukatsata mpanda, mawaya a mpandawo amatola mphamvu yanu, ndipo atha kukaliza alamu mukadina maikolofoni. Ndodo za earth za mpanda zitalikirane ndi zanu mamita osachepera 2, ndipo 10 ngati malo alipo.

Chingwe cha coax

Coax itha kutsata malata, paipi kapena gata popanda vuto, chifukwa mafunde ali mkati mwake. Ladder line, chingwe cha mawaya awiri oyendera limodzi ngati makwerero, ndiyo singatero: italikirane ndi chitsulo masentimita 15, ndipo isalowe pa zenera la zitsulo. Pa 145 MHz mamita 20 a coax yopyapyala ya RG-58 amadya mphamvu yoposa theka, pamene yokhuthala ya RG-213 imadya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Pa 14 MHz RG-58 ndi yokwanira. RG-6 ya dishi ya TV ndi ya ma ohm 75 ndipo imapereka SWR ya 1.5, koma imataya zochepa kuposa RG-58 ndiponso imapezeka m'mashopu ambiri a ku Kamwala. Ukonde wake ndi wa aluminiyamu, sugwira solder, choncho ikani F connector ndi adapter.

Pamene eriyo yazunguliridwa ndi zitsulo, mbali zake ziwiri sizilingana, ndipo magetsi otsala amatsika kunja kwa coax mpaka pa tebulo lanu. Ikani choke, chingwe chokulungidwa chotchinga magetsi amenewo, pomwe chingwe chakumana ndi eriyo. Pa HF kulungani RG-58 maulendo 10 mpaka 12 pa mphete ya ferrite ya FT240-43 kapena FT240-31. Ferrite ikasowa, maulendo 8 mpaka 10 pa paipi ya PVC ya mamilimita 110 amathandiza pa mamita 20 ndi 15, ngakhale kuti pa bandi zina sagwira. Pa mamita 2 maulendo 4 kapena 5 pa paipi ya mamilimita 50 ndi okwanira. Polowa m'nyumba chingwe chiyambe chatsika kenaka chikwere, kuti madzi adonthere panja, ndipo podutsa pa lata chivale kachidutswa ka hosipaipi, chifukwa mlomo wa lata umadula.

Mphezi

Kuyambira Novembala mpaka Epulo mlongoti wanu ndi chimodzi mwa zinthu zazitali pa pulotu. Mlongoti, sitandi ndi denga lolumikizidwa ku coax zitsikire pansi ndi waya wamkuwa wosachepera 16 mm², wowongoka, wopanda makona akuthwa. Khomani ndodo ya earth ya mamilimita 16 pansi pa mlongoti. M'madera ambiri a Lusaka mwala wa laimu uli pafupi kwambiri, ndipo ndodo imakana isanalowe mita imodzi. Musaidule n'kunamizira kuti yalowa. Kumbani ngalande yakuya masentimita 50 mpaka 60, mugonekemo waya wamkuwa wosakutidwa wa mamita 10 kapena kuposerapo, ndipo khomani ndodo zingapo pomwe nthaka yalola, zotalikirana mosachepera utali wa ndodo imodzi.

Earth imeneyi ilumikizidwe ndi earth yaikulu ya nyumba kudzera panja, ndipo ntchito ya pa bolodi la magetsi agwire ndi wamagetsi wovomerezeka. Zikakhala zosalumikizana, mphezi ikagwa pafupi, voteji yosiyana pakati pa ziwirizo imadutsa mu wailesi yanu. Ikani arrestor, kachipangizo kopatutsira mphamvu ya mphezi pansi, pomwe coax ikulowa m'nyumba. Ngakhale zili choncho, kumwamba kukayamba kuda, masulani coax panja ndi kuzula pulagi, mabingu asanayambe.

Kutchuna, ndi kuwerenga zizindikiro

Tchunani eriyo ili pamalo pake penipeni, pa kutalika kwake kwenikweni. Yotchunidwa pa udzu imasintha ikakwera padenga. Ndi NanoVNA, kachipangizo koyezera eriyo, kapena SWR meter pa mphamvu yochepa, pezani frequency yomwe SWR yatsikitsitsa. Ikakhala pansi pa yomwe mukufuna, eriyo yatalika. Ikakhala pamwamba, yafupika. Kusintha utali ndi 1 peresenti kumasuntha frequency ndi 1 peresenti. Pa 14.2 MHz, masentimita 5 mbali iliyonse amasuntha cha pa 140 kHz. Pa 145 MHz, mamilimita 5 okha amasuntha pafupifupi 1.5 MHz, choncho dulani pang'onopang'ono. Tsikani padenga musanawerenge, poti thupi lanu nalo limasintha muyeso.

Ngati SWR yatsikitsitsa pa frequency yoyenera koma sikutsika pansi pa 2, vuto si utali. Ndi impedance, ndipo mankhwala ake ndi kukweza kapena kusuntha eriyo, osati kudula. Ngati SWR ikusintha mukagwira coax kapena mukawonjezera chingwe, kapena maikolofoni ikukulumani milomo, choke ikusowa. Ngati pakuoneka malo awiri otsika oyandikana, pali chitsulo china chimene chikuyankha. Bwererani ku pepala lanu, muone gata kapena sitandi ija, musunthe waya kuti adutse chopingasa.

Kuthetheka kobwera ndi mphepo kumachokera pa zitsulo ziwiri zokhudzana mosalimba. Dzimbiri la pakati pake limachita ngati diode, limasakaniza masiginolo amphamvu a mawailesi a FM a mumzinda n'kuwamwaza pa bandi yanu, ndipo inu mukamatumiza limabala ma harmonic, masiginolo osafunika a pa ma frequency ena, osokoneza TV ya anansi. Wina akhale pa wailesi, inu muzigogoda magata, malata ndi waya waminga ndi mtengo wouma mpaka phokoso litayankha. Pamenepo mangani zolimba kapena lekanitsani ndi mphira.

SWR yabwino si umboni woti mukumveka. Tumizani pa FT8 kapena WSPR, njira zotumizira siginolo ndi kompyuta, ndi ma watt 5, muone pa intaneti pa PSK Reporter kapena WSPRnet amene akumvani, musinthe chinthu chimodzi chokha, mubwereze pa ola lomwelo tsiku lotsatira. Ngati mbali imodzi ya mapu ilibe kanthu masiku onse, mwina chitsulo chili mbali imeneyo.

Chenjerani ndi SWR imene ikukoma yokha miyezi ikamapita, yosalala pa bandi yonse, pamene masiginolo akuchepa. Kawirikawiri amenewo ndi madzi alowa mu coax. PL-259, connector ya kunsonga kwa coax, siitchinga madzi. Imafunika kukulungidwa ndi self-amalgamating tape, kuyambira pa chingwe kukwera, kenaka tepi yamagetsi pamwamba kuti dzuwa lisaiononge. Masulani connector, sendani chingwe masentimita 30, muone ukonde. Ukakhala wonyezimira, ikani connector yatsopano. Ukakhala wakuda kapena wobiriwira, pitirizani kudula mpaka mutapeza woyera, ndipo ngati wada kupitirira mamita awiri, chingwe chonsecho chichotsedwe.